Mabuku Amene Amayi Anasungira Chiswe

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Giredi 7 kwathu ku Chinyunyu. M'nyumba mwathu munali mabuku khumi ndi anayi, koma ine sindinkaloledwa kutsegula ngakhale limodzi.

Amayi sanapondeko m'kalasi. Ankagulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga m'mbali mwa msewu waukulu, pamene mabasi a ku Chipata amaima. Buku loyamba analilanditsa kwa mnzawo wogulitsa vitumbuwa, amene ankang'amba masamba ake n'kumakulungira makasitomala. Anamupatsa nthochi zodzaza mbale, buku n'kubwera nalo kunyumba likununkha mafuta. Ena asanu ndi limodzi anachokera kwa Ba Mwansa, namwino wochokera ku Lusaka, pamene ankasamutsidwa, ndipo Amayi anawathokoza ndi tambala wamoyo. Otsalawo ankapempha kwa madalaivala ndi aphunzitsi, limodzilimodzi, mosachita manyazi.

Limodzi lokha ndi limene ndinalilawako. Linali la mtsikana amene anakwera basi yekha kukafuna azakhali ake m'tauni. Ndinawerenga mpaka pamene anatsika pa siteshoni n'kupeza kuti kapepala ka adiresi kagwa, Amayi n'kunditsomphola bukulo m'manja.

"Tisa, ona manja yako! Dothi yekayeka," anatero. "Mabuku ni mbeu, sitidya mbeu. Uzaŵerenga ukapasa mayeso."

Ndipo anawasungadi ngati mbewu. Anawakulunga m'chitenje chatsopano, kuwaika m'katoni, kusoka katoniyo ndi ulusi wa saka, kuwaza phulusa mozungulira monga ankachitira ndi nyemba zodzabzala, kenako n'kuikankhira kunsi kwa bedi lawo, kutsamira khoma ladothi.

Ine ndinali mwana wamakani, ndipo pano ndiulule. Ndinanamiza Amayi katatu. Ulendo woyamba ndinati aphunzitsi akufuna buku limodzi, Amayi n'kupita okha kusukulu kukafunsa. Wachiwiri ndinati ndaona khoswe akulowa m'katoni. Wachitatu ndinati ndalota mabuku akupsa. Pofika pamenepo ndikangoyamba kuti "Amai, ija katoni," ankaseka asanamve mathero.

Mvula yoyamba itagwa ndinadwala malungo, ndipo anandigoneka pabedi lawo masana iwo ali kumsewu. M'nyumba munali zii. Ndipamene ndinamva kaphokoso kunsi kwanga, kakang'ono ngati mvula yowaza pa udzu. Ndinasuzumira. Kanjira kadothi lofiira kanatuluka m'khoma n'kukalowa kuseri kwa katoni.

Madzulo ndinawauza.

"Amai, muli chiswe. Nachiona na maso yanga."

"Dzulo khoswe, lelo chiswe. Mailo uzakamba ati muli njovu."

Ndinalira mpaka anagwada kuti aone. Kanjira kaja anakaona, anakasesa ndi tsache, anawonjezera phulusa, nadzipukuta m'manja. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Katoni kutsogolo kwake inali yoyera bwino, ndipo kuikoka sanafune, poopa kuti ndikangoiona pabwalo ndiyambanso kuvuta.

Masabata asanu ndi limodzi otsatira sindidzawaiwala. Tsiku lililonse Amayi akapita kumsewu ndinkagona chafufumimba pansi, khutu pakatoni. Kaphokoso kaja sikanaleke. Ndinkadziwa chimene chikuchitika mkatimo, ndipo panalibe munthu wondikhulupirira. Ndinauza amalume, iwo anati za m'nyumba ya mlongo wawo salowerera. Tsiku lina ndinatenga mpeni wosendera chinangwa n'kuugunditsa pa ulusi uja. Dzanja linakana. Ndinaganiza za nthochi zija, za tambala uja, za nkhope ya Amayi akadzapeza kuti mwana wawo wawabera. Ndinabweza mpeni, n'kukhala pakhomo kumangoyang'ana magalimoto akudutsa.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, ndinapambana. Amayi anavina kuyambira kusukulu mpaka kunyumba, anapha nkhuku, anaitana anzawo a kumsewu kuti adzaone chuma cha mwana wawo. Anandisambitsa m'manja ndi sopo okha, ngati kamwana. Kenako analowa m'chipinda n'kukoka katoni.

Chimene chinatuluka ndi mbali yakutsogolo yokha. Pansi ndi kumbuyo kunatsala komweko. Mkati munali chibuma chadothi lonyowa, chiswe chikuyendayenda, ndi zikuto zonyezimira za mabuku zimene chinalephera kudya. Ndinatola chikuto cha buku la mtsikana uja. Analipo, ataima pafupi ndi basi, kachikwama m'manja. Nditatsegula, munangogwa dothi.

Alendo anachoka mmodzimmodzi osadya. Ine ndinkayembekezera kuti mtima wanga unena kuti ndinakuuzani, koma sunanene. Amayi anakhala pansi miyendo tambalale, akusisita zikutozo ndi nsonga ya chitenje. Patapita nthawi anandifunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Tisa, mwenze chani mu mabuku aya? Nenze kufuna uzaniŵerengeleko."

Pa mabuku khumi ndi anayi, ndinkadziwa theka la limodzi. Ndinawafotokozera thekalo, mpaka pamene kapepala kanagwa.

"Manje anabapeza azakhali bake?"

"Kaya, Amai."

Apo mpamene analira.

Lero ndimakhala ku boma la Rufunsa, ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Mabuku ake ndimawaika m'beseni pakati pa nyumba, pamene miyendo imapunthwa. Ena anawatafuna m'makona, lina analithira phala, lina lilibenso chikuto. Sindimukalipira. Ndinamvetsa mochedwa kuti Amayi sanali ouma mtima. Ankaopa manja athu chifukwa chinthucho anachivutikira ndipo sankatha kuchiwerenga okha, pamene buku losagwidwa ndi limene limafa msanga. Ndinamvetsanso kuti mabodza anga atatu aja anadya nawo mabukuwo.

Amayi akabwera kudzacheza amayamba ndi kudandaula kuti mabuku ali mbwee ngati masamba a mango. Akatero amakhala pamkeka, kunyamula mdzukulu pamiyendo, n'kundipatsa limodzi kuti ndiwerenge mokweza. Ndikati ndikaone mphika kaye, amandigwira mkono.

"Iyayi, siliza. Tisasiye munthu pa siteshoni."