Matemba a m'dzenje la amalume

Fungo la mphungabwi limandibwezabe kwa Malengachanzi, m'dzinja lomwe ndinali sitandade 4. Amayi ankathyola masamba ake n'kuwafukiza pambaula, utsi n'kumamatira m'mabulangete ndi m'tsitsi mpaka kusukulu. Udzudzu sunkalabada n'komwe. M'mawa ndinkaupeza pakhoma mimba itatupa ndi kufiira, ukulephera ngakhale kuuluka. Ndikauphwanya ndi chala, magazi otsala pakhomapo anali anga kapena a mng'ono wanga Eliza. Kanthu kopanda manyazi, kodya kwa eni n'kugona pomwepo.

Chaka chimenecho bambo ankadula nzimbe ku Dwangwa, ndipo pakhomo pankalamula amalume, a Fanuel. Anabwera kuchokera ku Lilongwe ntchito yaukalaliki itawathera, ali ndi mataye awiri ndi pakamwa posatopa. Munthu wobadwira kunyanja, koma nkhafi sankadziwa kuti imagwiridwa kuti. Anaumbitsa njerwa kuseri kuti amange nyumba yoti mudzi wonse uone, dzenje lokumbamo dothi n'kulisiya choncho. Mvula itagwa linadzaza madzi odikha, ofunda ngati tiyi wotsala.

M'madzimo munabadwa tinthu ting'onoting'ono togona chopingasa pamwamba. Ukayandikira, tonse tinkathawira pansi mopindikapindika. Amayi anatenga khasu kuti akwirire.

"Musakhudze, achemwali," anatero amalume. "Ndi ana a matemba amenewo. Pofika Pasaka tidzakhala ndi damu la nsomba."

"Achimwene, matemba alowera pati m'dzenje lopanda mtsinje?"

"Amagwa ndi mvula. Kodi inu sukulu munalekezera pati?"

Amayi anabweza khasu. Amalume ndiwo anali eni mbumba, ndipo eni mbumba satsutsidwa ana akumva.

Ine ndinakhulupirira, poti anali munthu wa taye. Ndinatunga tina m'botolo, n'kumanga kansalu pakamwa, n'kubisa pansi pa nkhokwe kuti ndikhale ndi nsomba zangazanga. Ndinkatiwazira gaga. Patapita masiku tinasintha, tinakhala timitu tikulutikulu topinda mchira. Tsiku lina m'mawa ndinapeza tizikopa tokhatokha tikuyandama, ndipo kunsi kwa kansalu kunali udzudzu utandandalika. Nditagunditsa chala pansalupo, wina unabaya msangamsanga. Wina wa ndevu zanyankhalala sunandiyang'ane n'komwe.

Ndinathamangira nalo botolo kwa amalume, amene ankameta ndevu pakhonde. Analiyang'ana pagalasi, osatembenuka.

"Walowera pansalu umenewo. Choka apa."

Sabata yomweyo Eliza anatentha thupi. Amalume anati wadya mango osapsa, asanza zitha. Masiku awiri anamwa mapiritsi a mutu. Tsiku lachitatu anayamba kukomoka, maso atatembenuka, ndipo amayi anamubereka n'kukwera naye njinga kupita kuchipatala ku boma osapempha chilolezo kwa munthu. Pobwera anali ndi nsalu yoberekera yokha, ataipinda.

Maliro atatha, amayi anakwirira dzenje lija okha, tsiku lonse, amalume ali pakhonde kuwerenga nyuzi yakale. Nyumba ija sinamangidwe. Njerwa zina zinasungunuka ndi mvula, zina tinakamangira manda a Eliza.

Ndili mwana, mkwiyo wanga wonse unathera pa udzudzu. Ndinkaupha ndi patapata mpaka khoma linachita mawangamawanga, ndikuutukwana chamumtima. Nditakula ndinadziwa kuti wa ndevu uja ndi wamphongo, umangomwa timadzi ta m'maluwa. Woluma ndi waukazi, ndipo magazi umawafuna kuti mazira ake akhwime. Umatsata mpweya umene timapuma, n'kutera pamene mbama ingaupeze, chifukwa cha ana ake. Ndimaunyozabe mpaka lero, koma chifukwa chake ndimachimva. Cha amalume ndinachifunafuna osachipeza. Chimene ndimakumbukira n'chakuti kumanda kuja anavala taye.