Nzama Zanga Pansi pa Sinki

Ine zoti zinyalala zimagona m'nyumba ndinazidziwa imvi zili kale mbuu.

Chaka chimene bondo langa linatupa, mwana wanga wachiwiri, uja amanyamula katundu ku bwalo la ndege, anabwera ku Lirangwe kudzanditenga. Akuti amayi tiyeni ku Chileka, chipatala chili pafupi, mukakhale mpaka mvula igwe. Ine sindinkafuna. Kwathu kuno mayi amakalambira pakhomo pa mwana wamkazi, mkamwini ndiye amabwera. Koma wamkazi wanga anali mmodzi yekha, ndipo anatisiya asanayambe n'kukwawa komwe. Otsalawo amuna okhaokha, ndiye mukanatani? Nkhuku ndinasiyira aneba, mbuzi kwa achimwene, chitseko n'kukhoma. Chimene sindinasiye ndi nzama zanga zambewu.

Nzama zimenezo ndikuuzeni bwinobwino. Zinali zofiira, zazing'ono, za kadiso koyera, zosachedwa kupsa. Mayi anga anazilandira kwa mayi awo, amene akuti anabwera nazo kuchokera ku Mozambique atazimanga pakansalu. Masiku ano atsikana angodzala mmene afunira, koma kale nzama sankadzala aliyense ayi. Ankadzala mayi amene anaikapo mwana m'manda. Ine ndinakula ndikudya, koma mbewu osaikhudza. Titaika mwana wanga uja, mvula itagwa, mayi anandiyitanira kuseri kwa nkhokwe, n'kundithira nzama m'manja onse awiri. "Tsopano nawenso uzidzala." Basi, sananenenso china. Pepani wawo anali ameneyo. Kuyambira pamenepo sindinadumphitsepo chaka. Ngakhale chaka cha njala tinadya madeya, ana akulira, koma mbewu sindinaiphike.

Mbewu timaisunga m'phulusa kuti anankafumbwe asaiboole. Umasefa phulusa, kusakaniza ndi nzama, pamwamba n'kuthira lina lochindikala. Mtsuko sindikanakwera nawo minibasi, mmene amatipanikizira muja, ndiye ndinakhuthulira zonse m'kathumba ka feteleza.

Nyumba ya ku Chileka ndi ya matailosi oyera, oti ukaponda phazi limadzionetsa lokha. Kathumba ndinakaika pansi pa bedi, koma kanali kobooka pangodya, phulusa limangotuluka. Mpongozi wanga amagulitsa m'sitolo ku Blantyre, amanyamuka m'mawa kubwera dzuwa litapendeka. Sindikunena kuti ndi woipa, ayi, madzi osamba ankanditenthetsera. Koma tsiku lina akukolopa anaima.

"Amayi, kathumba kanu aka kakudetsa. Tikaike panja?"

"Panja kuli makoswe, apongozi."

Sanafunse kuti muli chiyani, nanenso sindinanene. Apongozi sitiyankhulana zambiri, ndi ulemu wake umenewo. Komanso nkhani ya nzama ndi nkhani ya mwana uja, sungangoiyamba munthu atagwira chokolopera.

Patapita masiku kunabwera kalipentala, bambo wamkulu ndithu, wadazi, pensulo kukhutu. Eni nyumba onse kuntchito, mdzukulu wanga wakhanda kwa womulera, ine ndinakokera mpando pakhomo la kitchini kuti ndiziona, pajatu kukhala wekha tsiku lonse kumatopetsa kuposa kulima. Anatsegula kabati ka pansi pa sinki, n'kutulutsa ndowa yatsopano yabuluu, ya chivundikiro chothina. Aiike, yakana. Aipendeketse, yakana. Paipi ya sinkiyo inapindika ngati khosi la bakha, chivundikiro chimangogunda pamenepo.

"Mayi, amene anaika paipi iyi anadzera kaye ku kachasu," anatero akupukuta thukuta.

"Musanyoze anzanu bambo, mawa kubwera wina kudzanyoza zanuzi."

"Zanga sizinyozeka mayi. Funsani Chileka yense."

Anaimbira mpongozi foni, anakangana pang'ono, kenako anachotsa thabwa la pakati, n'kulidula, n'kulitsitsa pansi penipeni. Anakhoma timizere tiwiri tachitsulo kuti ukakoka chitseko ndowa izituluka yokha. Anagona chagada m'kabatimo miyendo ili panja, akutukwana misomali chapansipansi. Atamaliza anayala jumbo yakuda m'kati mwa ndowa, n'kuvundikira.

"Ndowa yokongola chonchi n'kuibisa kumdima?" ndinatero.

"Za m'tauni zimenezo mayi. Ife timangoyeza n'kukhoma."

Ine ndinati ndi ya ufa, kapena mpunga. Ndikanaganiza chiyani? Kwathu ndowa yatsopano ya chivundikiro imayamba ndi madzi akumwa kapena ufa woyera, zaka. Ikang'aluka timaimata ndi moto ipite kubafa. Ikatheratu ndiye nkhuku zimweremo. Nanga zinyalala? Umasesa m'mawa n'kukataya kudzala nthawi yomweyo. Makoko a nthochi ndi a mbuzi, mkute ndi wa nkhuku, mitu ya usipa galu amadikira. Chotsala n'chiyani choti uchigulire ndowa, uchiyitanire kalipentala, uchigoneke pafupi ndi mbale zodyera? Inde, zinyalala zawo ankaika m'katoni panja pa chitseko, agalu n'kumamwaza, mpongozi n'kumadandaula. Koma mutu wanga sunalumikize zimenezo.

Kalipentala atapita ndinagwada ndi bondo langa lomwelo, kupapasa paipi ngati ikudontha. Gwaa, youma. Ndinati Mulungu wandiona, malo ndi amenewa, khoswe sangalowe, chinyezi jumbo itchinga, matailosi a eni ake apuma. Ufa wawo akabwera nawo ndidzawapempha tigawane malo. Ndinakhuthulira nzama zonse m'jumbomo, kusalaza, pamwamba n'kuthira phulusa lochindikala monga mwa nthawi zonse. Ndinati ndiwauza madzulo. Madzulo kunabwera amayi a kumpingo kudzandiona. Mawa lake kuchipatala, jakisoni, kubwerako n'kugona. Ndipo kukitchini sankandilola, ndikangoti ndilowe, "Pumani amayi, mwabwera kudzachira." Nkhani inapita choncho.

Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde kuwothera dzuwa. Mwana wanga anali kuseri, akuwotcha zinyalala kudzenje. Utsi wa mapulasitiki unkabwera, wonunkha uja. Kenako m'kati mwa utsiwo ndinamva fungo lina. Ndinati kodi ndani akukazinga nzama m'mawa uno? Ndinamwetulira ndithu, ine chitsiru. Kenako ndinakumbukira nzama zanga m'ndowa muja.

Ndodo ndinaiwala. Mmene ndinafikira kudzenjeko sindikudziwa. Jumbo yakuda ija inali itasungunuka, nzama zanga zili mbwee pamoto, pamodzi ndi matewera a mdzukulu, makoko a mbatata, matumbo a nsomba. Zikuthetheka, thu, thu. Ndinalowetsa manja.

"Amayi! Mupsa! Mwatani kodi?" Mwana wanga anandikoka paphewa.

"Thira madzi! Thira madzi iwe!"

"Ndathiramo parafini amayi, dikirani, n'chiyani?"

"Mbewu yanga!"

Mpongozi anatuluka akuthamanga, thovu la sopo lili m'manja. Anayang'ana moto, anayang'ana ine.

"Amayi, ndi phulusa lija? Munali zinthu?"

"Munali nzama, apongozi. Za mayi anga."

"Iii! Ine ndinaona ngati ndi mankhwala a bondo, a kumudzi. Nditaliona m'bini ndinati amayi ataya okha, ndinasangalala kuti mwaidziwa msanga ntchito yake. Ndinangothira makoko pamwamba."

"Ndowa yatsopano ija ndi ya zinyalala?"

"Eya amayi, ndi bini."

Mwana wanga anaseka. Sanaseke kwambiri, kamodzi kokha, n'kudzigwira pakamwa. Koma ndinamva. Mwana amene anakula ndi nzama zimenezo, amene ankaba za mumphika n'kubisa m'thumba la kabudula popita kusukulu.

"Pepani amayi, koma inunso, kusunga mbewu m'bini? Musalire, nzama zadzaza pamsika wa Lunzu. Ndikugulirani ndowa yathunthu."

"Ukagule ndi mchemwali wako yemwe," ndinatero.

Mpongozi anamuyang'ana mwamuna wake, "Mchemwali uti?" Apa m'pamene ndinadziwa kuti zaka zonsezi sanamuuzepo mkazi wake kuti kunali wina patsogolo pake. Kapena nayenso anaiwala. Sindinafunse.

Moto utazima ndinakhala pansi pomwepo ndi kamtengo, kufukula. Mpongozi anabwera ndi lichero, n'kugwada pambali panga ndi chitenje chake chabwino, kusankha nawo. Chimenecho sindichiiwala. Zambiri zinali makala. Zimene zinkaoneka zofiirabe sizinadzaze ndi chikhatho chomwe, ndipo ukazinunkhiza, parafini.

Mvula sindinaidikire. Sabata yotsatira ndinati ndiperekezeni ku siteji, bondo likachirira kwathu. Mwana wanga anandigulira nzama zake zija, zoyera, zikuluzikulu, n'kundikwezera m'minibasi. Ndinawapatsa aneba aphike.

Ndinayenda mudzi wonse kufunsa amayi amene ndinawagawirapo mbewu kale. Wina anati anadya, wina anati zinafumbwa, wina anati mayi, nzama masiku ano alima ndani, ife tili pa nandolo. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Chigaru ana ake onse ali moyo, ndiye mayi sanamupatsepo.

Mvula itakhazikika ndinadzala zija za m'chikhatho pamzere umodzi, m'mphepete mwa munda. Ndinkadziwa ndithu kuti mbewu yolawa moto simera, sindine mwana. Koma ndinkapitabe m'mawa uliwonse ndi ndodo yanga, kukawerama pamzerepo. Sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Yachinayi ndinakumba phando limodzi ndi chala, ndinapeza kachikopa kofewa, kowola. Ndinakwirira. Pamzere wonsewo panamera chisoso, ndipo chaka chimenecho sindinachipalire.