Mpweya wa Pansi pa Chitsime Chathu

"Kodi amake mwana, chitsime chili pakhomo panu pomwepa, nanga bwanji mumakatunga kudambo?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana nafe, akazi a aphunzitsi amene anali atangosamukira kuno ku Nathenje. Ndinatula ndowa n'kuwafotokozera.

Chinali chaka chotsatira mavoti a zipani zambiri, mvula itavuta. Amuna anga, mkamwini wochokera ku Mitundu, anali odziwa kukumba zitsime. Anati akumbe chathu kuti tizithirira tomato, ndipo achimwene anga ankawathandiza kukoka dothi.

Atafika pakuya anapeza thanthwe, piki inkangonjanja. Anachita monga amachitira okumba onse. Anaunjika nkhuni ndi zitsononkho pansipo, anayatsa moto kuti mwala ung'ambike, n'kuvindikira pamwamba ndi malata kuti kutentha kusathawe.

M'mawa mwake atachotsa malata, achimwene anati, "Alamu, tsitsani kaye koloboyi. Akazima ndiye kuti simulowa."

"Palafini wake uti, alamu?" anaseka amuna anga. "Utsi mukuuona? Inu mantha, n'chifukwa chake tomato wanu amabereka mochedwa."

Amuna anga anatsika. Ndinali pakhonde ndikuyamwitsa. Ndinamva piki ikugunda pang'ono, kenaka zii. Achimwene anaitana, "Alamu! Alamu!" Osayankha. Anatsika nawonso, osamanga ngakhale chingwe m'chiuno. Ine ndinathamangira pomwepo, mwana ali kubere, n'kusuzumira. Onse awiri anali atakhala pansi, mitu itawerama, ngati anthu otopa ndi ntchito.

Anthu atabwera anandigwira kuti ndisalowe. Anamanga nthambi za mango kuchingwe n'kumazitsitsa ndi kuzikweza kuti zikupize mphepo pansipo, mpaka nyali yobwereka imene ankaitsitsa poyesera inasiya kuzima. Apo n'kuti nthawi itatha.

Anamwino kuchipatala anandiuza kuti moto umasiya mpweya wolemera, wosaoneka, wosanunkha. Mpweyawo umakhazikika pansi ngati madzi mumtsuko, ndipo thanthwe ndi dongo siziulola kuchoka. Ndinkadziwa kuti nthaka imasunga madzi, imasunga mbatata. Zoti imasunganso mpweya ndinaziphunzira tsiku limenelo.

Chitsimecho tinachitseka ndi mitengo. Mbewu ya tomato inaumira panazale. Ine ndinataya mwamuna ndi mlongo wanga yekhayo, mayi anga anataya mwana ndi mkamwini, mwana wanga anataya bambo ndi malume ake, m'mawa umodzi.