Chimbale Chomatidwa ndi Phala la Chinangwa

Ndinabwera ku Karonga kudzagwira ntchito ya zamagetsi ku mgodi wa Kayelekera. Mgodi utatseka, anzanga ambiri anabwerera kwawo. Ine ndinatsala, chifukwa ndinali nditakwatira kale kuno, komanso mpunga wakuno unali utandilowa m'magazi. Ndinatsegula kashopu pafupi ndi Hara, kokonzeramo mawailesi, mafoni ndi chilichonse choyendera magetsi. Anthu amanditchula kuti afundi. Ndili ndi vuto limodzi limene mkazi wanga anatopa nalo kulinena: sindikonda kuuzidwa zochita pa ntchito yanga, makamaka ndi munthu amene sanagwirepo sikuludiraiva.

Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mayi wina mwini lesitilanti ya pafupi ndi chigayo cha mpunga. Ndinkawadziwa. Amuna awo anali atamwalira chaka chinacho, bambo wamtali amene ankaimba besi mukwaya ya kutchalitchi kwawo.

"Monile afundi," anatero. "Jukibokosi yanga yameza chimbale, ndipo ikukana kuchilavula."

Tili m'njira anandifotokozera kuti chimbalecho chinali cha kwaya ija, chojambulidwa kukasitudiyo kena ku boma kamene kanatseka kalekale. Zimbale za anzawo a mukwaya zina zinakalika, zina zinasowa, ndipo chotsala chinali ichi chokha. Munali nyimbo zisanu ndi zitatu. M'nyimbo zisanu ndi ziwiri malemuwo ankangomveka chapansipansi pakati pa anzawo, koma yomaliza anatsogolera ndi iwo.

"Loweruka tikuvundukula chiliza chawo," anatero mayiwo. "Ndikufuna anthu akawamve akuimba okha."

Jukibokosiyo malemuwo anaigula kwa wamalonda wina wa ku Tanzania masiku amene mgodi unkayenda. Inali yondifika pachifuwa, ya galasi kutsogolo. Mkati mwake zimbale za CD zinandandalikana pa gudumu lozungulira. Ukadina nambala, gudumu limazungulira, kenaka kamkono kachitsulo kamatola chimbale n'kukachiika posewerera. Tsikulo kamkonoko kanali kataima pakatikati, katagwira chimbale chopendekeka, theka lake likadali m'malo mwake pa gudumu.

Ndinatola chingwe kuti ndilumikize kukhoma.

"Yayi afundi, musayatse," anatero mayiwo, atandigwira mkono. "Dzulo nditayatsa ndinamva ngati pepala likung'ambika, ndiye ndinazula msanga."

Ndinaseka, kuseka kuja kwa munthu wodziwa. "Amama, makina awa amanena okha pamene pakuwawa. Amalemba nambala pagalasi apa. Koma sangalembe ali ozima. Inu mukaone mpunga wanu usapserere."

Sanapite. Anangobwerera m'mbuyo pang'ono n'kupinda manja. Ndinalumikiza. Magetsi ofiira ndi obiriwira anayaka, mota inalira, ndipo makinawo anachita chimene amachita nthawi zonse akangoyaka, chimene ine ndinkachidziwa bwino lomwe: kubweza kamkono kumalo ake. Kamkono kanakoka chimbale mwamphamvu. Tonse awiri tinamva kuti kwee. Ndinazula chingwe, koma zinali zitachitika kale.

Ndinamasula chitseko chakumbuyo n'kuunika ndi tochi, chinthu chimene ndinayenera kuyambira. Mkati monse munali mbuu fumbi la mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo. Lamba woyendetsa kamkono anali atakhwepa ndi kutentha, n'chifukwa chake kanaima panjira. Ndinazungulitsa giya ndi chala pang'onopang'ono, kamkono kanatsegula, chimbale chinagwera m'dzanja langa. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi imene madzi a tiyi amatenga kuti awire.

Pamwamba pa chimbalecho panali chithunzi cha malemuwo atavala tayi. Mayiwo anandiuza kuti anachidula pa pepala la ndondomeko ya maliro, n'kubowola pakati, n'kuchimata ndi phala la ufa wa chinangwa, monga amamatira mabuku a ana akang'ambika. Ankafuna kuti akasuzumira pagalasi aziwaona akuzungulira. Mphemvu zinadya phala la m'mphepete, kutentha kunapinda pepala, ndipo pepalalo linakola pa gudumu.

Anthu ambiri amasamala mbali yonyezimira ya chimbale, kuipukuta ndi chitenje, osadziwa kuti pa zimbale zojambulira m'masitudiyo ang'onoang'ono nyimbo zimakhala pa kakhungu kasiliva kopyapyala ka mbali yolembapo. Pamene phala linagwira bwino, pepala linanyamuka ndi kakhunguko. Nditachikweza padzuwa, m'mphepete munali kamzere koonekera kuseri, kotalika ngati chala changa chamkombaphala. Chimbale chimayamba kuimba kuchokera pakati kupita kunja. Kunja kwenikweniko ndiko kunali nyimbo yomaliza.

"Chili bwino?" anafunsa mayiwo.

"Ndikachione kushopu," ndinayankha, osawayang'ana.

Jukibokosi yokhayo sinandivute. Lachinayi m'mawa ndinabwerera ndi lamba amene ndinachotsa mu wailesi yakale ya makaseti, ndinapemerera fumbi lonse ndi pampu ya njinga, ndinapukuta diso lowerengera zimbale ndi thonje lonyika mu sipiriti, ndinadontheza mafuta a makina osokera pa magiya. Pofika masana inali ikuimba nyimbo za Chiswahili, amalonda a mpunga akudya uku akugwedeza mitu. Mmodzi anandiyamikira kuti manja anga ndi odala. Ndinangoti yewo, zikomo wakuno.

Chimbale chija ndicho chinandidyera tsiku lonse lotsalalo. Ndinadula ndi lezala pepala limene linali lendelende, lotsalalo ndinalisiya, poopa kuonjezera bala. Nkhope ya malemuwo inatsala yopanda khutu limodzi. Pa laputopu nyimbo zisanu ndi ziwiri zinakopeka bwinobwino. Yachisanu ndi chitatu inakana. Ndinayesa pa makina atatu osiyana, mpaka DVD ina yakale imene mwini wake anaiiwala pashopu panga inavomera kuyamba, ndipo ndinajambula zimene zinkatulukazo. Panamveka bambo akukonza kukhosi, n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Tiyambe makora, ŵabale." Anapereka liwu, anaimba mzere woyamba wonse, anayamba wachiwiri, kenaka zii. Ndinabwereza kakhumi. Pankathera pomwepo.

Bodza linali pafupi, ndipo silinali bodza lenileni. Ndikanatha kunena kuti ndi phala, ndi mphemvu, ndi dzuwa la ku Karonga, ndi kuyatsa kwawo kwa dzana. Zonsezo zinalipo. Koma ndinali nditaona pepalalo. Pamene panang'ambika tsiku loyamba panali pang'ono, pepala lokhalokha. Mzere wautali wonyamula siliva unali wanga. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo mkazi wanga ataona kuti ndasiya nsomba m'mbale sanafunse n'komwe, anangoti, "Munauzidwa chinachake, eti?"

Lachisanu m'mawa ndinawapeza mayiwo akupeta mpunga kuseri kwa lesitilanti. Ndinawapatsa chimbale chawo mu envulopu pamodzi ndi fulashi ya nyimbo zimene ndinakopera.

"Amama, nyimbo ya abambo yawonongeka. Chatsala ndi chiyambi chokha. Ndaiwononga ndine. Munandiuza kuti ndisayatse, ine ndinayatsa."

Anaika lichero pansi. Ndinawaimbira pa foni yanga kachidutswa kaja. Anamvetsera maso ali pansi, ndipo pamene bamboyo anakonza kukhosi, mayiwo anagwira pakamwa. Kachidutswa katatha anati ndibwereze. Ndinabwereza katatu.

"Ndi iwowa nadi," anatero. "Kukhosi kumeneko ankayamba nako ngakhale pofuna kupempha madzi akumwa." Kenaka anandiyang'ana. "Mukanandimvera, afundi. Zandiwawa chomene." Sanandiuze kuti palibe kanthu, ndipo sindinayembekezere kuti atero. Anatolanso lichero lawo. "Mawa mubwere ndi sipika yanu ya batire. Mudzayatse ndinu, poti kuyatsa mumakudziwa."

Loweruka m'mawa ndinaima pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa manda, sipika ili pampando. Akwaya anali atavala yunifolomu yawo, ataima kuseri kwa chiliza chovindikiridwa ndi nsalu yoyera. Abusa atamaliza pemphero, mayiwo anandikodola ndi mutu. Ndinadina. Malemuwo anakonza kukhosi, anauza abale awo kuti ayambe bwino, ndipo azimayi ena anayamba kusisima. Mzere woyamba unatha. Ine ndinkadziwa pamene padukire.

Panadukadi pomwepo, pakati pa liwu. Koma akwaya anali atakoka kale mpweya. Anali atamutsatira munthuyo pa nyimbo imeneyi zaka zambiri, ndipo analowa pamene ankalowera nthawi zonse. Kaya mayiwo anali atawauza kapena ayi, sindinafunse. Anaimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, besi ikuperewera pang'ono.