Thabwa la Manambala mu Lunyangwa

Lero kusukulu kwathu ku Katoto amapenta zitseko. Fungo la penti landikumbutsa thabwa la manambala lomwe bambo ankalipenta chaka chilichonse, lozikidwa mumtsinje wa Lunyangwa, kutali kunkhalango. Ntchito yawo inali kulemba pamene madzi afika pathabwalo m'mawa uliwonse.

Ndili Sitandade 2, bambo anayamba kuona mwachimbuuzi. Akuofesi akanadziwa, ntchito ikanatha. Tsiku lina anandikweza panjinga, mame akundinyowetsa miyendo. Titafika anandinyamula paphewa.

"Madzi ali pa nambala yanji, mama?" anandifunsa. "Usafulumire, boma silifuna bodza."

Ndinawerenga kawiri, n'kuwauza. Ananyowetsa pensulo ndi lilime, nalemba m'buku pang'onopang'ono.

"Yewo chomene," anandithokoza m'Chitumbuka. "Koma amayi ako usakawauze."