Mkamwini Pakati pa Mitsinje Iwiri

Ndinakwatira kutali, kuseri kwa mapiri a ku Vubwi, m'chigwa momwe dzuwa limatuluka mochedwa n'kulowa msanga. Kwathu ku Sinda maso amayenda mpaka kutopa okha. Kuchikamwini kuja ukadzutsa mutu umangoona matanthwe ndi mitengo ya masuku. Mvula ikayamba, mitsinje inkatizinga mbali zonse, galimoto n'kuiwalika mpaka nthawi yokolola.

Chaka chimene mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, uthenga unandipeza ndikupalira mtedza kuti amayi adwalika. Foni kumeneko inkagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha. Nditakwerapo, mlongo wanga anangoti, "Achimwene, bwerani, akukufunsani." Mawu anadukira pomwepo.

Mlatho wamitengo wa kumsewu unali utapita ndi madzi. Apongozi anga aamuna, amene tinkangopatsana moni basi, anati ilipo njira ina yamiyendo yodzera kumathithi, ndipo andiperekeza.

Tinanyamuka m'mawa kunja kuli ngwee. Njira inatsetsereka n'kulowa mumpata wa matanthwe, mozizira ngati mumtsuko. Mtsinje woyamba tinauwoloka madzi akulekeza m'mawondo. Kumanzere kwathu mathithi ankagwa kuchokera pamwamba, phokoso lake lochititsa kuti tizilankhulana ndi manja. Pamene tinkayandikira mtsinje wachiwiri, apongozi anaima n'kuloza madzi. Anali atafiira, akubwera ndi mapesi ndi zitsa. Ife dontho silinatigwere, mvula inagwa kumtunda, kumapiri a kumalire.

Tinabwerera mothamanga, koma woyamba ujanso unali utadzaza. Mitsinje iwiriyo imakumana chakumunsi, ndipo kumbuyo kwathu kunali thanthwe losakwereka. Tinatsala pakamtunda kosaposa bwalo la mpira.

Ndinayendayenda m'mphepete mwa madzi ngati mbuzi yapachingwe. Tsidya linkaoneka pafupi, mwala ukanafika. Ndinavula malaya.

"Bambo, ndiyesa kusambira," ndinawauza pafupi ndi khutu.

"Yesani. Koma mundiuziretu mawu oti ndikamuuze mwana wanga."

Ndinavalanso malaya n'kukhala pansi.

Tinabisala kuphanga lina pafupi ndi mathithi, momwe nthunzi ya madzi inkatinyowetsa pang'onopang'ono. Tinagawana chinangwa chophika chomwe mkazi wanga anatimangira. Tinagona pomwepo, kunacha, madzi osaphwera. Foni inali chabe chinthu cholemera m'thumba. Ndinkangoganiza za amayi akuyang'ana kukhomo nthawi iliyonse chitseko chikalira.

Masana ake, tikuwotha kadzuwa komwe kanalowa mumpatamo kwa kanthawi, apongozi anayamba okha kulankhula.

"Inenso si wa kuno ayi. Kwathu ndi ku Mkaika. Ndinabwera ndili ngati inuyo, ndikuti ndilime pang'ono kenako nditenge mkazi tizipita. Ana anabadwa, munda unakula. Atate anamwalira nthawi ngati inoyi, ndinangokaona manda udzu utamera."

"Simunafune kubwerera?"

"Kufuna ndinkafuna," anatero, n'kuyamba kusenda khungwa la ndodo yawo.

Ndinayang'ana imvi zawo ndi mapazi awo ong'ambika, ndipo mantha amene anandigwira sanali a madzi.

Mtsinje wachiwiri uja utayamba kuphwera, tinadula mtengo wautali n'kuwoloka titaugwira awiri, madzi ali m'chifuwa, miyala ikugubuduzika pansi pa mapazi. Anandifikitsa pamsewu, nandipatsa chinangwa chotsala, n'kutembenuka. Ndinakwera lole ya ku Chipata, kenako minibasi.

Amayi ndinawapeza ali moyo, koma atasiya kulankhula. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti ndafika. Ngati anamva, sindidziwa. Anatisiya sabata yomweyo.

Titachoka kumanda, amalume anandiitanira pambali. Anati munda wa amayi ulibe woulima, ndikapemphe mkazi wanga tidzakhale kuno. Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma nditabwerera kuchigwa ndinapeza mwana atabadwa, apongozi aakazi akudwala miyendo, mtedza ukudikira kupalira. Tinati tiyambe takolola. Chaka chotsatira tinatinso chimodzimodzi.

Mwana uja tsopano ali kusekondale. Munda wa amayi akulima ndi ana a mlongo wanga, ndipo ndikapitako amandiyalira mphasa ya alendo.