Masamba a Kabichi pa Moore Street

Ndikukumbukira fungo la saluni ya Anti Mwansa pa Moore Street: mafuta a tsitsi, mesh yoviikidwa m'madzi otentha, ndi nsomba za pa benchi ya panja, zomwe zinkanunkha chitseko chikangotseguka. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ine ndi amayi tinali titangofika kumene ku Dublin, bambo atamwalira ku Balaka chaka chapitacho. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kwa Anti Mwansa, mayi wa ku Zambia wa mawu aakulu, amene ankaluka tsitsi uku akutafuna mtedza.

Pamwamba pa galasi panali TV, ndipo masana aliwonse ankaonetsa sewero la ku America la kuchipatala. Munali dokotala wina wamkazi wa tsitsi lofiirira. Azimayi a mu saluni anamupatsa dzina loti Anaphiri, poti akakwiya ankagwira m'chiuno ngati mlamu wa kasitomala wina wa ku Dedza. Chingerezi changa chambiri ndinaphunzira kwa iyeyo. Anzanga a kusukulu ankalankhula ngati akuthamangitsidwa, koma Anaphiri ankatchula mawu limodzilimodzi. Kwathu TV ndinkangoionera pa zenera la golosale, mpira basi, ndipo mpira umakhala weniweni. Choncho ndinkaganiza kuti kamera imangowatsata madokotalawo pa ntchito yawo.

Tsiku lina Anaphiri anagundidwa ndi galimoto. Anzake anamukankha pachifuwa, makina analira mosalekeza, kenako wina anamuphimba nsalu yoyera kumaso. Anti Mwansa anasiya chingwe cha tsitsi chili lende.

"Mayo, Anaphiri ayenda," anatero.

Kasitomala anapukuta misozi ndi thaulo lomwe linali paphewa pake. Kenako pa TV panabwera malonda a sopo, Anti n'kuponya mtedza m'kamwa, n'kupitiriza kuluka. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Panalibe woyambitsa nyimbo, panalibe womanga chitenje.

Ine ndinkadziwa choyenera kuchita. Pa maliro a bambo, amalume ananditenga pokathyola nthambi zamasamba, tinaziyala modutsa msewu kuti aliyense adziwe kuti pano pagwa zovuta. Magalimoto ankayenda pang'onopang'ono, apanjinga ankatsika, azibambo ankavula zipewa. Pa Moore Street panalibe mtengo, koma amayi ogulitsa ndiwo zamasamba ankataya masamba akunja a kabichi pansi pa mabenchi awo. Ndinawatolera mu juzi ya sukulu, onyowa, ozizira m'manja, n'kuwandandalika kuchokera pakhomo la saluni mpaka tsidya lina. Ndinaimirira pambali, manja kumbuyo.

Munthu woyamba anawaponda osayang'ana n'komwe. Mayi wina anadutsitsapo ngolo ya mwana. Bambo wina wa chipewa chaubweya anadutsa nacho chili kumutu, akudya tchipisi. Ndinkabwezeretsa tsamba lililonse pamalo pake mpaka gogo wina wogulitsa maapozi anayamba kundikalipira kuti ndigwetsa anthu. Anti Mwansa anatuluka, chipeso chili m'tsitsi.

"Iwe Yamikani, ni chani ichi? Ufuna animange apolisi?"

"Ndi za maliro a Anaphiri."

Anaseka mpaka kutsamira chitseko. Atandiyang'ana kumaso anasiya, n'kundikokera m'kati. Anafufuza pa mulu wa magazini a makasitomala n'kunditsegulira tsamba lina. Anaphiri anali pomwepo, atavala diresi yobiriwira, akuseka mano onse pamtunda, atakolowekana mkono ndi mwamuna wosakhala wa kuchipatala uja.

"Ni acting chabe, mwana wanga. Uyu mukazi nimudziwa kudala. Anayambira mu ma advert akali kamtsikana, mu mafilimu anafamo kale kawiri. Apa achoka pa TV chifukwa amuitana ku filimu ikulu. Amafa, amauka, ayenda kunyumba kukadya."

Anti ankandiuza kuti zonsezo n'zopeka, koma ine ndinamva zina. Ndinamva kuti munthu akhoza kuphimbidwa nsalu kumaso, anthu n'kulira, iye n'kudzuka. Ndinakhala pansi pakati pa zinyenyeswa za tsitsi. Bambo nawonso tinawaphimba nsalu. Ndipo tinawaika m'manda mawa lake lomwelo, chifukwa kunkatentha.

Amayi atabwera kudzanditenga, Anti anawafotokozera nkhani ya kabichi, onse n'kuseka. Ine sindinaseke nawo. Tinakwera basi yosanjikizana, tinakhala m'mwamba kutsogolo, mvula ikuyenderera pa galasi.

"Amayi, bambo tinawadikira mokwanira?"

Anayang'ana kunja, anakonza chikwama pamiyendo, anachikonzanso.

"Ndinawagwira dzanja mpaka linazizira, Yami. Ine ndinadikira."

Sanalire, inenso sindinalire. Koma siteji yathu tinaipitirira, ndipo tinabwerera wapansi mumvula, atandigwira dzanja mwamphamvu kuposa masiku onse.

Lero pomwe panali saluni amagulitsapo mafoni. Ana a masiku ano sangapusitsike ngati ine. Mwana wanga Thoko ali ndi zaka zisanu, koma amadziwa kale kusiyanitsa sewero ndi zenizeni. Amaonera mavidiyo a mayi ake pa foni yanga, amawabwezera poyambira yekha, ndipo sanandifunsepo ngati adzabwera. Mkazi wanga Tadala anamwalira chaka chatha nyengo yozizira, asanakwanitse zaka makumi atatu. Zimenezo ndilekere pomwepo.

Sabata yatha ndili mu sitima ya ku Skerries, mnyamata amene ndinakhala naye pafupi ankawerenga nkhani pa foni. Ndinaonapo nkhope ya Anaphiri ija. Nkhaniyo inkati wapuma pa ntchito ya mafilimu. Tsitsi lofiirira lija linali mbuu, khosi lili makwinya okhaokha, m'manja muli ndodo. Ndinamupempha mwini foniyo, munthu wosamudziwa, kuti andionetsenso. Mayi amene ndinamuona akufa ndili mwana wakhala ndi moyo mpaka kukalamba chonchi. Sindinkadziwa kuti munthu angasirire makwinya a mnzake.

Tadala anapezapo imvi imodzi yokha, pamwamba pa khutu lakumanzere. Anadandaula tsiku lonse, n'kundiuza kuti ndiizule. Ndinaizula.